Mfuti Imene Sinafike ku Perth

Malemu bambo Aloysius Chimutu anabadwa pa 9 Juni 1958 ku Mkanda, m'boma la Mchinji. Sukulu anayambira komweko, ndipo mu 1980 anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Lilongwe.

Mu 1981 anadziwana ndi a Lettie, amene ankaphunzira unamwino. Makolo a mtsikanayo sankafuna mkamwini mphunzitsi wa kumudzi, moti kwa zaka ziwiri awiriwa ankangopenyana m'tchalitchi. Ukwati anamanga mu 1983.

Mu 2006 banja linabwera kuno ku Perth. Mayi ankagwira ntchito pachipatala ku Midland, bambo ankasamalira okalamba. Mayi anatisiya mu 2013.

Maliro atangotha, bambo anayamba kuitanitsa mfuti ya malemu bambo awo, yoingitsira nguluwe kumunda, imene pobwera kuno anasiyira mng'ono wawo a Malizani. Zilolezo zinawadyera zaka zitatu. Mu 2016 bokosi linafika, maloko othyoka, m'kati mulibe kanthu. Onyamula katundu ankangolozana zala. A inshuwaransi anawazunguza chaka chathunthu asanavomere kulipira, koma pepala lawo linati akasaina, mfutiyo ikadzapezeka idzakhala ya kampani. Bambo anakana kusaina. Ife tinkati ndi makani a ukalamba. Iwo ankangomwetulira, mwezi ukatha n'kukwera sitima kukafunsanso ngati pamveka kanthu.

Mu Malichi chaka chino anagonekedwa m'chipatala ku Murdoch ndi matenda a mtima, ndipo kumeneko ndi kumene anaulula. M'thabwa la mfutiyo, pansi pa kachitsulo kotsamira paphewa, anabisamo kalata imodzi yokha imene mayi anawalemberapo, yowalola. Pobwera kuno sanaitenge, poti mwini mawu anali naye limodzi. Akanatha kuuza a Malizani kuti aitulutse n'kuitumiza pa positi, koma anati munthu sawerenga mawu otere a mlamu wake. Chiyambi cha kalatayo ankachikumbukira, mapeto ake anali atawathawa.

Anamwalira pa 2 Epulo 2025. Asiya ana awiri, Tisungeni ndi Sekani, zidzukulu zitatu, ndi a Malizani ku Mchinji. Tikuthokoza anamwino a ku Murdoch, a mpingo, ndi nonse amene mwatigwira dzanja masiku ano. Pepala la inshuwaransi ifenso sitisaina.

Bambo, mawu otsalawo mukawafunse eni ake. Mzimu wanu uuse mumtendere.