Bulaeng Sadya Chitsulo

Loweruka lija pamsika wa akavalo ku Tolo, m'dera la Jeneponto, Daeng Sitaba anali atapirikitsa kale ogula atatu, onse mlandu umodzi: anabwera ndi chitsulo choika m'kamwa mwa kavalo. Kavalo wake Bulaeng anakoka ngolo zaka khumi ndi ziwiri ndi chingwe cha pamphuno chokha, ndipo ngakhale njinga zamoto zinamulanda ntchito, mkuluyu analumbira kuti kavaloyo apita kwa munthu wachifundo basi.

"Choka apa, Sampara!" anakalipira wachitatuyo, bambo wonyamula mchere. "Chitsulo chakocho ukaike m'kamwa mwa apongozi ako!"

Sampara atangosuntha, panafika Hajja Kanang, mayi wa ambulera yobiriwira. Kumutu sanayang'aneko n'komwe. Anazungulira kumbuyo n'kutsina ntchafu ya kavalo.

"A Hajja, kumutu n'kuno. Kavalo timayambira mano."

"Mano ndikatani nawo? Palibe akawafune."

"Chabwino. Koma ndiyambe ndafunsa. Chitsulo m'kamwa mudzamuika?"

"M'kamwa? Ayi."

"Lumbirani."

"Ndinakapembedza ku mzinda woyera wa Maka ine, Daeng. Ndati ayi."

Sitaba anatukula chibwano n'kukuwira Sampara, amene anali atakhala pa mpanda chapatali. "Wamva, iwe? Anthu ndi awa!" Kenako anabwerera kwa mayi uja. "Nanga katundu?"

"Sadzanyamula ngakhale thumba limodzi."

"Chikwapu?"

"Cha chiyani? Chimangoononga mnofu."

"Eyaa! Mawu anga enieni! Zaka zonsezi ndimawauza agalu amenewa, samva. Ndiye mukumufunira chiyani, mayi?"

"Ukwati wa mwana wanga, Lachitatu. Alendo mazana anayi."

Msika wonse, mpaka wogulitsa khofi, unkadziwa kumene kavalo amathera paukwati wa ku Jeneponto. Naye Sitaba ankadziwa. Koma munthu akakonda mawu ake, makutu amagontha. M'mutu mwake anali akuona kale mkwati atakwera Bulaeng, nsalu zonyezimira, anthu akupatuka mumsewu. Misozi inachita kulengeza m'maso mwake, chitsiru cha munthu.

"Ali ndi zaka zingati?" anafunsa Hajja, uku akubaya nthiti ndi chala.

"Khumi ndi zisanu."

"Iii, nkhalamba! Ndiye nkhuni zichuluke. Madzi tiyambe kuwiritsa m'mawa wa Lachiwiri."

"Kuwiritsa ayi! Ofunda chabe. Amakonda kusamba madzi ofunda."

"Ofunda sangathandize, Daeng."

"Mukundiphunzitsa ine za kavalo wanga? Ofunda, ndi kansalu kofewa. Chinanso, ng'oma amaziopa. Oimba akhale kutali."

"Ng'omazo sadzazimva."

"Mwaona? Munthu woganiza! Nanga mkamwini wanuyo thupi lake n'lotani?"

Hajja anakweza ambulera kuti amuone bwino. "N'chimunthu. Amatha mbale zitatu. Zikukhudzana bwanji?"

"Zikukhudzana kwambiri! Mumuuze apite naye pang'onopang'ono. Asamukoke, asamuthamangitse."

"Ameneyo pa zinthu zimenezi sauzidwa."

"Ndiye ndidzamuuza ndekha. Tengani." Sitaba anapereka chingwe ndi manja awiri, ngati akupereka mwana. "Ichi ndinapota ndekha. Mfundo ikhale pansi pa chibwano, zala ziwiri zizilowa. Musadzachichotse."

"Tikatha ndidzakubwezerani."

"Ayi, n'chake! Ukwati ukatha ndidzabwera kudzamuona."

"Bwerani Lachitatu lomwelo, msanga. Lachinayi simupeza kanthu. Abale a mwamuna wanga ndimawadziwa, amanyamula ndi m'majumbo momwe."

"Amanyamula chiyani?"

"Mafupa omwe sasiya."

Sitaba anayang'ana dzanja la mayiyo, limene linali litabwereranso pantchafu ya kavalo. Anayang'ana wogulitsa khofi, amene anali atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"A Hajja... mkwati akwera chiyani?"

"Galimoto. Akwere kavalo ali mumphika?"

"Mumphika?"

"Gantala, Daeng, msuzi wa kavalo! Mwakulira kuti inu? Alendo mazana anayi ndiwapatse nkhuku, andiseke mpaka kumanda?"

"Munalumbira! Munati chitsulo ayi!"

"Munafunsa za m'kamwa. Za pakhosi simunafunse."

"Mfiti ya mzimayi! Bweretsani chingwe changa!"

"Mwandipatsa nokha, ndi manja awiri."

"Ndi manja awiri omwewo ndikulanda!"

Anachitsomphola. Ambulera inagwa, Hajja n'kuyamba kuitana Mulungu ndi abale ake onse, akudandaula kuti mtengo anali asanakambirane n'komwe. Sitaba sanamve. Maso ake anali kuchipata, kumene amuna awiri a malole, amene iye ankadziwa bwino kuti amagula akavalo okapha, anali atayamba kale kuyeza Bulaeng ndi maso. Dzuwa linali litakwera, ogula enieni atatha, ndipo kunyumba kunalibe ngakhale mtolo wa udzu. Ku mpanda kuja Sampara anali atatsika, chitsulo chili paphewa, akulowera kumsewu.

Mkulu uja anathamanga, nsalu ya m'chiuno ikumasuka, kavalo akudumphadumpha pambuyo.

"Sampara! Mwana wanga! Taima! Chitsulo chija tabwera nacho ndichione. Aa, n'chosalala bwino ichi! Unagula kuti?"

Sampara anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Si munati ndikaike apongozi?"

"Apongozi ako adikire." Sitaba anagwira Bulaeng pachibwano. "Yasamula, Bulaeng. Yasamula msanga!"