Anati mchere wanga ndiwo unawoletsa bala la achemwali

Moni kwa inu nonse a m'gulu lathu la mapemphero a achinyamata kuno ku Balaka. Ndine Idesi, wa Fomu 3, uja amakhala pa benchi ya kumbuyo. Mukundidziwa kuti ndikaima kutsogolo mawu amandithera pakhosi, n'chifukwa chake ndalemba kuti wina andiwerengere. Ndikuchitira umboni za achemwali anga a Felesiya, amene anatsala pang'ono kufa ndi bala la opareshoni atachira mwana wawo woyamba, komanso za bodza limene anthu anandiveka pa nthawi imeneyo. Ndineneretu kuti mtima wanga sunazizire, ndipo sindinamizira pamaso pa Mulungu kuti wazizira.

Makolo athu anamwalira. Ine ndimakhala ndi azakhali kuno, ndipo achemwali anakwatiwa kumudzi wina kupitirira Nsanama, kwawo kwa amuna awo. Alamu ali ku Joni. Titatsekera sukulu ndinapita kukawathandiza, pakuti masiku awo anali atayandikira. Matenda atayamba tinapita ku chipatala chaching'ono, kumene mwana anapezeka kuti wagona mopingasa, ndiye anatitumiza ku chipatala chachikulu kumene anawachita opareshoni. Kunabadwa mwana wamkazi wa tsitsi lambiri, wolira ngati akukalipira munthu.

Tsiku lotuluka anamwino anatikhazika tonse awiri. Anati bala likhale louma ndi laukhondo, pasapakidwe kanthu kalikonse, ndipo aliyense wofuna kuliyandikira ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Anati mapilitsi amwedwe mpaka atathe. Anatinso thupi likatentha, kapena pabala pakatupa, kufiira, kutuluka mafinya ngakhale kununkha, tibwerere msanga osadikira tsiku lochotsa ulusi. Achemwali anali ofooka ndipo ankangogwedeza mutu. Ine ndinamva zonse n'kuzisunga.

Kunyumba kunali a Nachisale, apongozi a achemwali, mayi amene ana awo onse anawaberekera pamphasa ndipo sapita tsiku osakumbutsa anthu zimenezo. Anatilandira ndi mawu akuti atsikana a masiku ano ndi aulesi, ululu pang'ono chabe athamangira mpeni. Koma ine anandikondwerera. Anati popeza ndine mwana wosadziwa amuna, ndine wozizira, choncho ndine woyenera kuphikira mayi wa m'chikuta ndi kuthira mchere m'ndiwo zake. Kumeneko amakhulupirira kuti munthu wogona ndi amuna akathira mchere, mayi wongochira kumene amadwala mdulo. Ndinachita manyazi, koma ndinasangalala kuti ndipatsidwa mpata wokhala pafupi ndi achemwali.

Kenako anayamba kuwathowa. M'mawa uliwonse ankawiritsa madzi, kuviika kansalu, n'kumakanikiza pamimba kuti zoipa zituluke, monga amachitira ndi mayi amene wachira yekha. Kansaluko kanali kamodzi komweko, ndipo kankayanikidwa pa mpanda pamene nkhuku zimakwera. Akamaliza ankapaka ufa wa mizu wosakaniza ndi mafuta a nsatsi pa mzere weniweni wa ulusi, ndi zala zomwe angochoka nazo kukhola la mbuzi, kenako n'kumanga chitenje mothinitsa kuti mimba ibwerere. Mapilitsi anawaika patsindwi, ati amawawitsa mkaka. Achemwali ankaluma pilo kuti asalire. Ine ndinanena motsitsa mawu kuti anamwino analetsa, ndipo a Nachisale anandifunsa kuti ndabereka angati.

Sipanapite nthawi, achemwali anayamba kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo. Pabala panatupa, panada, ndipo m'nyumba munayamba fungo limene sindidzaliiwala. Ndinapita kwa a Nachisale, ndinagwada, n'kupempha kuti tibwerere ku chipatala. Iwo anaitana amayi a m'nyumba zoyandikana, anakhala pakhonde, ine n'kundikhazika pansi pakati pawo.

"Uyu tinkamuyesa wozizira," anatero a Nachisale, "koma watentha. Za ku Balaka kumasitolo tizidziwa. Mchere wake ndi umene wadula mbale wake."

Amayi aja anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Wina anaseka, ati ofatsa ndi amene amaopsa. Wina anati nditchule dzina la mnyamatayo kuti apeze mankhwala oyenera. Ine, amene ndimazungulira njira ndikaona anyamata ataima pa shopu, ndinangolira, ndipo iwo anati misoziyo ndiko kuvomera. Anandiletsa kulowa m'nyumba, kugwira mwana, ndi kuyandikira poto. Ntchito imene anandisiyira inali yochapa nsalu zokha. Ananenanso kuti atumiza uthenga kwa azakhali kuti adziwe chimene akusunga.

Kuseri kwa nyumba kuli munda wa chinangwa, ndipo kumeneko n'kumene ndinkapemphera. Abale anga, mapemphero ake sanali ngati amene timapemphera pano. Ndinkati, Ambuye, dzanja limene likukanikiza bala la achemwali liume. Ndinkati pakamwa pamene panditcha hule patuluke zilonda, ndipo amayi onse amene anaseka adzagwade pamene ndinagwada ine. Ndinkamva achemwali akubuula kudzera pa kazenera, ine ndili panja ngati galu, ndipo ndinalonjeza mumtima kuti akafa ndidzaimirira pamaliro n'kuloza chala, ngakhale mawu anga atuluke onjenjemera. Kenako mphamvu zinkatha, n'kungoti, Ambuye, musanditengere uyunso. Ndi yekhayo amene amandiluka tsitsi mmene ankalukira amayi.

Yankho linandipeza pa mjigo. Ndinali kuchapa chitenje chimene ankamangira pamimba chija, ndipo ndinkachibisa pansi pa nsalu zina chifukwa cha mawanga achikasu. Panali mayi wina wa Chisilamu, Abiti Saidi, amene amagula matemba ouma ku Chiuta n'kumakagulitsa ku Liwonde. Sitinali titalankhulanapo. Anaika ndowa yawo pansi, anatola chitenjecho m'beseni langa popanda kupempha, anachiyang'ana, n'kuchinunkhiza. Anandifunsa kuti mwini wake anachira liti ndiponso anachira bwanji. Nditanena kuti ndi opareshoni, anandikokera kuseri kwa mtengo, anatsitsa pang'ono chitenje chawo, n'kundionetsa chipsera chachitali m'munsi mwa mchombo.

"Mwanache, ichi chinandiwolerapo, ndipo ine palibe anandithirira mchere. Fungo ili ndikulidziwa. Mayi amenewo akagonanso m'nyumbamo, mukumba manda."

Tsikulo linali la msika ku Nsanama, ndipo a Nachisale anali atapita kukagulitsa nandolo. Abiti Saidi analowa m'nyumba ija osaodira. Achemwali poyamba anakana, ati akuopa apongozi, ndipo ati alamu akamva kuti achoka osatsanzika banja litha. Abiti Saidi anawafunsa ngati akufuna kuti mwana uyu adzaleredwe ndi dzanja lomwelo limene lawapaka nsatsi. Achemwali anayang'ana mwana, kenako anayang'ana ine nditaima pakhomo, n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Aka kanali koyamba kuwagwira chindiletsereni. Thupi lawo linkatentha ngati chiwaya.

Galimoto imene imanyamula nsomba za Abiti Saidi inali pamsewu. Iwo anatsitsa madengu awo ena n'kuwasiya kwa mnzawo, anayala mphasa, tinawagoneka achemwali pakati pa madengu otsalawo. Abiti Saidi anabereka okha mwanayo. Njira yonse ine ndinagwirizira mutu wa achemwali pamiyendo panga, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la matemba ndimathokoza Mulungu.

Ku chipatala sanatikalipire ngati mmene ndinkaopera. Adokotala anamasula chitenje chija, kenako anachotsa ulusi wina kuti mafinya atuluke. Anati matenda akanalowa m'magazi zikanavuta kwambiri. Anawaika diripi ndi mankhwala a m'mitsempha, ndipo bala analisiya lotsegula kuti lizitsukidwa tsiku ndi tsiku. Ine ndinkaonetsetsa zonse. Anamwino ankasamba m'manja asanagwire achemwali ndiponso akamaliza, ankavala magolovesi atsopano pa bedi lililonse, ndipo thonje logwiritsa ntchito kamodzi silinkabwereranso. Alendo ankawaletsa kukhala pabedi. Pampope madzi akasiya, ife odwazika matenda tinkatunga n'kudzaza ndowa ya pakhomo la wodi, ndipo ine ndinkakhala woyamba pa mzere. Ndinkayerekeza manja amenewo ndi kansalu ka pa mpanda kaja, ndipo mkwiyo unkabweranso.

Kutentha thupi kutatsika, ndinalimba mtima n'kutsatira anamwino aakulu mpaka pa sinki. Ndinawafunsa monong'ona ngati mchere ungawoletse bala. Anatseka mpope n'kundiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti funsoli sanali kulimva koyamba.

"Iyayi, mwanangu. Bala limawola ndi tizilombo ta m'manja osasamba, ta pansalu, ta m'zopakapaka. Amene wakunenayo, ukamuyang'ane zikhadabo."

Ndinapita kuseri kwa khitchini ya odwazika matenda n'kulira kwa nthawi yaitali. Sikunali kulira kwa chisoni. Kumeneko n'kumene ndinayamba kukonza zimene ndidzachite.

Bala litayera anawasokanso, ndipo linapola. A Nachisale sanabwere ku chipatala ngakhale kamodzi, koma titabwerera anaitana amayi a m'mudzi kuti adzaone mwana, ngati kuti iwo ndi amene anam'pulumutsira mayi wake. Ine ndinalawira m'mawa. Ndinakhoma timitengo pakhomo, ndinapachika chigubu cha madzi, ndinamangirira sopo ndi chingwe. Kenako ndinapita kwa Abiti Saidi kukapempha matemba, n'kuwauza kuti abwerenso masana.

Amayi aja atafika, omwe aja amene anandikhazika pansi, ndinaima pakhomo. Miyendo inkanjenjemera mpaka siketi inkagwedera. Ndinati wolowa aliyense ayambe wasamba m'manja. A Nachisale anati nyumba ndi ya mwana wawo, ndipo sangauzidwe zochita ndi ine. Ndinaima pomwepo osasuntha. Achemwali analankhula ali m'kati, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, kuti amene sasamba aonere mwana pazenera. Choncho a Nachisale anawerama pa chigubu changa, anthu onse akuona. Anangonyowetsa nsonga za zala, ndiye ndinawapatsira sopo n'kuwauza mwaulemu kuti m'zikhadabonso, amayi. Madzi amene anagwa pansi anali akuda. Palibe anaseka.

Koma ine sindinali nditamaliza. Ndinaphika mpunga ndi matemba otendera pabwalo pomwepo, osati kukhitchini. Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa ndinatenga chikho cha mchere, ndinakweza dzanja kuti aliyense aone, n'kuthira pang'onopang'ono. Ndinapakula mbale yoyamba n'kupereka kwa achemwali. Anadya, ananyambita zala, n'kupempha zina. Abiti Saidi anadya n'kunena kuti mchere wakwana bwino. Mbale yachitatu ndinainyamula ndi manja awiri, ndinagwada pamalo pomwe ndinagwada tsiku lija, n'kuiika patsogolo pa a Nachisale.

Anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Akanakana, akananenanso bodza lija pamaso pa achemwali amoyo, okhuta mchere wanga. Anatapa pang'ono, n'kudya. Sanapepese, ndipo sindikuyembekeza kuti adzapepesa. Koma ndinakhala chogwada, ndikuwayang'ana, mpaka anameza.

Dzanja lawo silinaume monga ndinapemphera. Mulungu analisiya lamoyo kuti lisambe ndi sopo wanga ndi kutapa ndiwo zanga, ndipo ndikaganiza bwino ndimaona kuti anandiyankha moposa mmene ndinapemphera. Za kukhululuka ndikuzidziwa, timaphunzira pano, koma sindinafikepo. Mundipempherere, ngakhale kuti masiku ena sindifuna n'komwe kufikapo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi wa chipembedzo china kudzanunkhiza chitenje pa mjigo. Ndikuthokoza chifukwa cha manja oyera a anamwino, ndi chifukwa cha azakhali amene uthenga uja utawafika anangoti mwana wawo amamudziwa. Achemwali tsopano akuyenda, akutunga madzi m'kandowa kakang'ono, ndipo asanandiperekeze pa basi anandiluka tsitsi ili.

Kwa inu amene mudzadwazike mayi wochira ndi opareshoni, makamaka inu anzanga ofatsa: bala lisathowedwe, lisapakidwe kanthu, lisagwiridwe ndi dzanja losasamba, kaya ndi la munthu wamkulu chotani. Mukamva fungo kapena thupi likatentha, nyamukani osatsanzika. Adzakunenani, mwina adzakuvekani zonyansa ngati ine, ndipo mawu adzakutherani. Musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lituluke lowawa. Imani pakhomopo ndi miyendo yonjenjemerayo. Ine ndinaima, ndipo achemwali anga ali moyo. Ameni.