Ndiphunzitseni kutchula mtengo m'Chingerezi

Ndiyambe ndi kuthokoza Ambuye amene andisunga mpaka lero, komanso inu aulutsi pondiwerengera nkhani yangayi.

Amuna anga ankagulitsa sitiroberi kwa alendo pamwamba pa phiri la Zomba. Chaka chatha anadwala sitiroko, pakamwa panapotoka, ndiye dengu linagwera ine. Kumtunda kuja galimoto ikaima tonse timathamangira pawindo, ndipo amagulitsa ndi amene wayamba kutchula mtengo m'Chingerezi. Ine sukulu sindinapite nayo patali.

Loweruka lapitali mayi wina wachizungu analoza dengu langa, nandifunsa mtengo akumwetulira. Mawu amene ndinaloweza njira yonse anandithawa, ndinangotambasula zala. Bambo wina wogulitsa nawo anandikankha ndi phewa, nati, "Amayi, zala sizigulitsa malonda kuno. Tsikani mukagulitse bonongwe kumsika wa ku Zakazaka!" Anzake anaseka, mzungu uja n'kugula kwa iwo.

Zipatsozi sizigona. Pofika kunyumba zinali zitayamba kuchucha madzi, pomwe mankhwala a amuna anga anali atatha. Anandiyang'ana ali pamphasa, nayesa kundiuza mawu aja, koma lilime linakana. Tinalira tonse awiri.

Ndikudziwa kuti Mulungu anapatsa mneneri wachibwibwi m'bale womulankhulira. Ine sindikupempha ndalama ayi. Ndikupempha wina, kaya wophunzira wa ku Chirunga, andiphunzitse kunena kuti kambale aka ndi mwakuti, sinditsitsa, nayi chenji yanu. Loweruka likubwerali ndikweranso phiri.

Ambuye akudalitseni nonse, ndipo pa tsiku la mavuto pakamwa panu pasadzasowe mawu.