Telala Anakana Kundisokera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chelstone ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ya boma m'tauni. Ndikufuna kukuuzani momwe nkhawa ndi kutopa zinatsala pang'ono kundipha, anthu akundiombera m'manja.

Vuto langa linali losadziwa kukana. Kichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mwana wa mnzanga ku Kabwata, tcheya wa komiti ndine. Maliro ku Libala, woyang'anira zophika ndine. Gulu la amayi kutchalitchi, ndine yemwe. Kuntchito anzanga awiri atapuma, mafayilo awo anaunjikidwa patebulo panga. Foni inkalira ngakhale ndili m'bafa.

Thupi linayamba kudandaula. Mutu unkawawa ngati wamangidwa ndi waya, chakudya chinkandikana, mtima unkagunda ndili chikhalire. Tsiku lina ndinapitirira siteji yanga pa minibasi ndikungolira, osadziwa chondiliza. Mayi anga anamwalira ndi sitiroko ali ndi zaka zangazi, ndipo ndinkaona kuti ndikulowera komweko. Ndinkaopa koopsa. Koma ndikanauza ndani? Kutchalitchi ankanditamanda: "Ba Tcheya, mwaonda mushe! Musala kudya, ai? Mulungu akusebenzesani maningi." Kwa iwo ndinali nditaonda bwino chifukwa chosala kudya, ati Mulungu akundigwiritsa ntchito kwambiri. Ine ndinkangoyankha ameni, poganiza kuti kunena kuti ndatopa n'kuchepa chikhulupiriro. Pemphero langa linatsala limodzi: Ambuye, ndikutha ine, ndithandizeni.

Mukudziwa kuti komiti iliyonse imakhala ndi chitenje chake. Zanga zonse amasoka a Yusufu, Msilamu wachikulire wa pamsika wa Chelstone, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Loweruka lina ndinawapititsira chitenje china. Anandiyeza m'chiuno, n'kuyang'ana tepi, n'kuyang'ana ine. Kenako anapinda nsaluyo n'kundibwezera.

"Mayi, aka n'kachitatu ndikuchepetsa muyeso wanu chaka chino. Sindisoka. Pitani kaye kuchipatala, ine sindifuna kukudulirani nsalu ya maliro."

Ndinapsa mtima, ndithu. Telala n'kumandilangiza ine, mtsogoleri wa amayi? Koma ndinakhala pakampando kawo n'kulira pamaso pa msika wonse.

Lolemba ndinapita kukiliniki. Namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, ndipo sanandilole kubwerera kuntchito. Anandipatsa mankhwala n'kunditumiza kwa mlangizi, amene anandiphunzitsa kupuma mozama mtima ukathamanga, kuyenda pansi m'mawa, kuzimitsa foni pa nthawi yodya, ndiponso kuti ndichepetse maudindo.

Chomalizachi ndicho chinandivuta. Ndinapita kwa amayi abusa n'kuwauza kuti ndikudwala nkhawa ndipo utcheya wa gulu la amayi ndautula. Ndinkayembekeza kudzudzulidwa. Koma iwo anatsegula kachikwama kawo n'kundionetsa mapilisi ofanana ndi anga. "Naine nimwa, chaka chachiwili manje. Nenze kuyopa kukamba." Kani nawonso ankaopa kunena ngati ine. Tinagwirana manja n'kupemphera, tonse tikulira.

Lero ndimadya, ndimagona, mutu unasiya kuwawa. Maukwati akuchitikabe popanda ine, ndipo palibe wathawa mkwatibwi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu wosapemphera nane tchalitchi chimodzi. Inu amene mukumwetulira kutsogolo kwa mpingo mkati mukupsa, musataye mtima, pempheranibe, koma pitaninso mukayezetse ndipo muuzeko wina. Mwina amene wakhala nanu pabenchi m'tchalitchimo akungodikira kuti muyambe ndinu kunena.