Mapiritsi amene ndinkabisa m'thumba la ovolosi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse, a kuno ku Joni ndi akumudzi omwe. Ine ndine Witinesi, wopenta nyumba, ndipo ndimakhala ku Zandspruit ndi mkazi wanga, amake Tadala. Ndikufuna ndikuuzeni mmene banja langa linatsalira pang'ono kutha chifukwa cha timapiritsi ta kuchipatala, ndi mmene Mulungu analipulumutsira.

Chaka chatha ndinadwala mashingozi m'nthiti mwa kumanzere. Zilonda zinapola koma ululu unatsala, wotentha ngati munthu wakuthira madzi owira, moti malaya kungondikhudza ndinkadzidzimuka. Panado sankaphula kanthu. Kukiliniki anandiuza kuti matendawo anavulaza mitsempha, ndipo anandipatsa mapiritsi otchedwa amitriptyline. Nesi ananena momveka bwino kuti ndizimwa limodzi madzulo pokagona, ine n'kugwedeza mutu ngati munthu womvera.

Ndili mu takisi ndinalemba dzinalo pafoni. Choyamba kutuluka chinali chakuti ndi mankhwala a anthu ovutika maganizo. Sindinawerengenso mopitirira. Kwathu ku Ntcheu munthu akayamba kumwa zoterezi amati mutu wasokonekera, ulendo wa ku Zomba wayandikira. Ndinaganiza kuti achipatala aona kuti vuto lili m'mutu mwanga koma akuopa kundiuza. Ine, wapampando wa kwaya, zimveke kuti ndapenga? Ndinalumbira kuti mkazi wanga sadzawaona mapiritsiwo.

Nyumba yathu ndi chipinda chimodzi cha malata, simungabisemo ngakhale singano. Choncho ndinawaika m'thumba la ovolosi, n'kumamwa m'mawa kuntchito ku Fourways ndi tiyi. Sabata itatha ululu uli chikhalire, ndinadzisandutsa dokotala n'kuyamba kumwa awiri.

Apa ndiye zinthu zinavuta. Tulo tinkandigwira nditanyamula burashi. Ndikadzuka pamene ndakhala, dziko linkazungulira, mpaka kapitawo anandiletsa kukwera makwerero. Nthawi zina mtima unkathamanga ndisanagwire ntchito iliyonse. Kawiri konse takisi inandipitiriza ndili mtulo. Kukamwa kunkauma gwa, ndiye ndinayamba kutafuna chingamu tsiku lonse. Lamulungu lina ndinakamwera mapiritsiwo kuchimbudzi tisanapite kutchalitchi, ndipo titaimirira kuti tiyambe nyimbo, ndinadzandira n'kugwera pa benchi la amayi.

Ndisakubisireni, abale, ine kale ndinali chidakwa. Ndinasiya mowa Tadala ali wakhanda, ndipo tsikulo mkazi wanga ananena kuti ndikadzayambiranso, iye adzakwera basi yobwerera kumudzi. Tsopano taganizani zimene ankaona: mwamuna wodzandira, wofika mochedwa, wolankhula lilime likulemera, chingamu chili pakamwa ngati wobisa fungo. Sanandilalatire. Ankangondiyandikira pondilandira chikwama, n'kununkhiza mpweya wanga mwakachetechete. Tsiku lina ndinapeza chikwama chathu chachikulu cha mizeremizere chili pakona, chodzaza ndi zovala zake ndi za mwana. Anangondiuza kuti Loweruka kubwera ankhoswe.

Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, ndiye kuno tinasankha otigwirizira. Wanga ndi a Gomani, owotcherera zitsulo ku Jeppestown. Wa mkazi wanga ndi mayi Nambewe, mayi wachikulire wobadwira m'mafamu a ku Zimbabwe, amene amasamala gogo wina wodwala ku Fourways.

M'mawa wa Lowerukalo ndinapita kuseri kwa nyumba kukapemphera. Uchitsiru wanga unali woti ndinali wokonzeka kuvomera mlandu wa mowa umene sindinamwe, bola ndisatchedwe wamisala. Ndinangoti, Ambuye, mkazi uyu ndimamukonda, koma pakamwa panga palemera, mundilankhulire Inuyo.

Mkazi wanga anafotokoza zonse bwinobwino, osawonjezera, misozi ili mbwembwembwe. A Gomani anandifunsa kawiri ngati ndayambiranso, ine mutu uli pansi. Mayi Nambewe ankangondiyang'ana mmene ndinkakokera malaya kuti asakhudze nthiti, ndi mmene ndinagwirira khoma podzuka kukatunga kapu yachitatu ya madzi.

“Bambo a Tadala,” anatero mayiwo, “ine zidakwa ndakula nazo pafamu, ndimazidziwa ngakhale zili kutali. Uwu si mowa. Mukumwa mapiritsi anji?”

Ndinatsitsa ovolosi pa msomali, n'kutulutsa kapaketi kaja. Ndinaulula kuti ndi mankhwala a amisala, ndipo ndinkachita manyazi. Mayiwo anavala magalasi, anawerenga, kenako anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje.

“Eish, mwana wanga. Awa ndimawapatsa agogo amene ndimawasamala aja madzulo alionse, a miyendo yawo yoyaka ndi shuga. Mutu wawo ndi wakuthwa kuposa wa tonse tili muno.”

Atamva kuti ndikumwa awiri, m'mawa, kenako n'kukwera makwerero, kuseka kunatha. Anandidzudzula ngati mwana wawo wobala okha. Ndinati basi ndikawataya kuchimbudzi, iwo anakaniza, amvekere mankhwala amenewa sasiya mwadzidzidzi, Lolemba ndipite kukiliniki ndikanene zonse, ndipo ndisapite ndekha. A Gomani anangopukusa mutu n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Tsiku limenelo chikwama cha mkazi wanga chinakhalabe pakona.

Lolemba anandiperekeza. Nesi anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandifunsa za mtima, ndipo adokotala anandibweza pa piritsi limodzi la madzulo. Anatifotokozera kuti mankhwalawa amathandizadi ovutika maganizo, koma akakhala ochepa amatontholetsa mitsempha yovulala, ndipo amatenga masabata kuti ayambe kugwira. Anati tulo, chizungulire, kuuma kukamwa ndi kudzimbidwa zimachitika, makamaka poyamba, koma mtima ukamathamanga kapena mkodzo ukamavuta ndibwere msanga. Mowa ayi, kugawirako mnzanga ayi, ndipo akhale pokhoma chifukwa kwa mwana ndi oopsa kwambiri. Anawonjezera kuti ngakhale ndikanakhala wovutika maganizo, amenewo ndi matenda ngati ena, si chochititsa manyazi. Mafunso ambiri anafunsa ndi mkazi wanga.

Lero ululu sunatheretu, koma ndimavala malaya, ndimagona, ndipo makwerero ndinabwerera. Kukamwa kumaumabe, botolo la madzi silindichoka. Mapiritsi amakhala m'kabokosi kokhoma, kiyi ali ndi amake Tadala, ndipo zovala zawo zinabwerera pa chingwe.

Inu amene mukumwa mankhwala mobisa, pitirizani kupemphera, koma bwererani kuchipatala mukafunse, ndipo wakunyumba kwanu adziwe. Ine ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mayi Nambewe, komanso chifukwa cha mawu amene mkazi wanga anandiuza tikuchokera kukiliniki. Tinali pamzere wa takisi, anthu ali mbwee, iye anandigwira dzanja la kumanja, mbali yosapweteka.

“Bambo a Tadala, chikwama ndinalongedza chifukwa cha mowa. Misala ikanakhala yoona, sindikanapita kulikonse. Ndikanakhala n'kumakusambitsani.”

Ndinalira pomwepo, mwamuna wamkulu, ndipo sindinabise nkhope. Ambuye alemekezeke.