Kamtengo ka Pakati pa Tenti

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1956. Ndi akazi anga. Ana anafuna kuti mbiriyi awerenge amalume awo, poti ine sindidziwika ndi kuyankhula. Ndakana. Ndiwerenga ndekha, ndipo sinditalikitsa. Za khola lachitsulo limene lakuchepetserani malo pakati pa tentipo, ndifikako.

Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali dalaivala wa basi, mayi awo ankagulitsa zipatso pageti. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mapeyala a njere yaing'ono, khungu lopyapyala, m'kati mofewa mopanda ulusi. Pansi pa mtengo umenewo malemu anaphunzira kumezanitsa mitengo, akugwirira mayi awo lezala.

Sukulu anayamba mu 1963, n'kulekezera Folomu 2. Mu 1975 analembedwa ntchito pachipatala chaching'ono, yothandiza anamwino kutsuka ndi kumanga mabala. Anaigwira mpaka anapuma mu 2011. Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndipo ndinawadziwa nditapsa pamkono. Anandimanga, n'kundiuza kuti ndisanyowetse bandeji. Ndinkanyowetsa dala. Tinakwatirana pa 8 Seputembala 1979.

Mu 1984 tinalowa m'nyumba ino. Kuseriko kunali miyala, mabotolo osweka ndi zitini. Ndinkafuna kuthirako simenti kuti ndiziwotchererako mageti. Malemu anangofunsa kuti, "Simentiyo tizidya?" Nkhani inathera pomwepo. Anatola miyala, anakumba dzenje la manyowa, madzi otsukira mbale ankapita ku nthochi. Anakonza mabedi a mpiru, tomato, anyezi ndi kaloti. Nsabwe za m'masamba ankathana nazo ndi phulusa ndi madzi a sopo. Kuyambira pamenepo m'nyumba muno simunalowe masamba ogula. Olowa anali anthu odzapempha.

Chaka chotsatira anabwera ndi kanthambi ka peyala la mayi awo, atakakulunga m'nsalu yonyowa. Ndinafunsa chifukwa chosangodzala njere. Anati njere ya peyala ili ngati mwana, sudziwa atengera ndani. Ukafuna mtengo weniweniwo, umezanitse. Kanthambiko kanakhala mtengo waukulu uja, ndipo a mumsewu uno anawatcha Anamapeyala. Nyumba ya makolo awo itagulitsidwa, mtengo wa mayi awo unadulidwa. Unatsala wathu wokha. Mango ndi malalanje ankamezanitsira aliyense kwaulere, ena mwa inu mukudya mpaka lero. Peyala lokha ankasungira ana, ati akadzamanga nyumba zawo. Anawo akadali pa lendi.

Ntchito yanga m'dimbamo inali ndowa ndi wilibala. Lezala sankandigwiritsa. Ankati, "Manja anuwo ndi a zitsulo, bambo. Mtengo umamva kupweteka."

Mu Juni 2023 anadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Chaka chomwecho peyala linayamba kuuma kuchokera kunsonga, mizu ikuwola. Pofika chaka chino panatsala nthambi imodzi yamoyo. Sindinawamve malemu akudandaula za mwendo. Ankadandaula za nthambiyo, chifukwa ikauma, mtengo wa mayi awo watha padziko.

Ndinatulutsa mpando wawo pakhonde, ndinatenga lezala kuti timezanitse nthambiyo pa mbande za m'machubu. Iwo ankalamula, ine ndinkadula. Kanthambi kasongoledwe uku ndi uku, tsinde la mbande ling'ambidwe pakati, makungwa akumane, kenako kumanga ndi pulasitiki. "Pepukani dzanja, bambo, si geti limenelo!" Zoyambazo zinada, zinauma. Ndinamezanitsanso, zinaumanso. Ana anati ndileke, ndikutopetsa mayi awo, adzagula mbande ina kunazale. Ine ndinapitirizabe.

Mbande za m'machubu zinatha. Inatsala imodzi imene inamera yokha pabwalo pano, pamene mdzukulu anataya njere. Mu Seputembala ndinasunthira mpando pamenepo. Ndinadula ine. Pomanga anandikankha dzanja, anamanga okha ndi dzanja lamanzere ndi mano, monga ankamangira mabala, ine nditangogwira tsinde. Madzulo ake ndinawotcherera khola loteteza ku nkhuku ndi mpira wa ana.

Pa 2 Okutobala anadwalika, tinawatengera kuchipatala. Sabata yomweyo nthambi yotsala ija inauma. Ndikalowa muwodi ankandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Lachisanu lapitali ndinapita kukathirira, ndinapeza timasamba tiwiri tofiirira pamwamba pa pulasitiki. Ndinasiya ndowa pomwepo. Nditafika pabedi pawo ndinati, "Chagwira." Anatenga nthawi kuti mawu atuluke. Anati, "Ndinamanga ine." Sindinatsutse. Anatisiya m'mawa mwake, pa 19 Okutobala.

Dzulo pomanga tenti ndinakangana ndi ana anga komanso akulu a mpingo, ati kholalo lichoke, mipando sikukwana. Amene mwapanikizana mundikhululukire. Silichoka. M'kati mwakemo muli peyala la malemu. Kuyang'ana yang'anani, koma musatsamire.

Malemu asiya ine mwamuna wawo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo ndi alongo awo awiri. Ana inu, mangani nyumba. Lezala ndili nalo, ndipo tsopano ndikutha.

Ndikuthokoza anamwino amene anawasamala ngati mnzawo, abusa ndi amayi a mpingo, anzanga a kushopu amene mwabweretsa mabenchi, ndi aneba a kumunsi amene mwathirira tomato masiku amene tinali kuchipatala osatumidwa ndi munthu. Mulungu akubwezereni.

Anamapeyala, ntchito yanu ikuoneka. Gonani mumtendere. Madzulo ano ndithirira.