Chipepeso cha mwana wamoyo

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ine ndine mayi a Tadala a ku Kawale. Ndikufuna ndikuuzeni za chibayo chimene chinatsala pang'ono kundilanda mwana, ndiponso za maliro amene anachitika pakhomo panga popanda womwalira. Mukaseka sindidandaula, inenso ndimasekabe mpaka lero.

Tadala anali asanayambe n'kukwawa komwe pamene anadwala. Zinayamba ngati chimfine cha nyengo yozizira, kenako anasiya kuyamwa, nthiti n'kumalowa m'kati akamapuma. Tinathamangira naye ku chipatala china cha mishoni kunja kwa tauni, ndipo anamugoneka mu wodi ya ana. Anamwino anayesetsa ndithu, koma makina othandiza kupuma anali amodzi okha, pamene ana ofuna mpweya anali ambiri. Ankachita kulandizana. Akamuchotsa Tadala kuti mwana wa mnzanga apumeko, milomo yake inkada ine ndikuona. Ndinkaopa kwambiri, koma sindikanati wa mnzangayo ndiye afe. Mawu opempherera anandithera, ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, mpweya ndi wanu, mubwerekeniko mwanayu."

Kunyumba, bambo a Tadala anaganiza zogulitsa masofa kuti tilipire kuchipatala. Munthu wake ndi wosayankhula, ndiye sanauze aliyense. M'mawa anatulutsa mipando yonse panja, maso ali psuu chifukwa chosagona, n'kupita kukafuna wogula ndi wangolo. Mukudziwa inu, pakhomo pamene pali matenda mipando ikangotuluka panja, anthu safunsa. Amadziwa kuti pabalaza pakonzedwa kuti amayi akhale pansi, zavuta basi.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali a mabwana, uthenga unkayenda ndi miyendo, ndipo pa nkhani ya miyendo Kawale sachedwa. Amayi a kumpingo anafika ndi nkhuni ndi ufa, anyamata anaika masamba pamsewu, mbale ya chipepeso n'kuyamba kuyenda. Bambo a Tadala pobwera ndi wangolo uja anapeza nyimbo za maliro pakhomo pawo. Anaganiza kuti uthenga wochokera kuchipatala wafika iwo atachokapo, choncho anadzigwetsa pansi n'kulira mokweza. Anthu ataona bambo a mwana akulira chotero, ngakhale amene ankakayika anasiya kukayika.

Anthu anatuma a Chisale, mkulu wa mpingo wathu, pamodzi ndi Abiti Saidi, neba wathu wachisilamu wogulitsa usipa pamsika, kuti adzandithandize kutenga thupi. Koma pamene iwo ankakwera minibasi, Mulungu anali atayankha kale. M'mawa womwewo kutentha thupi kunatsika, Tadala anatsegula maso n'kuyamba kufunafuna bere. Alendo anga analowa mu wodi nkhope zili zakugwa, Abiti atanyamula chitenje chatsopano chokulungira mwana, n'kundipeza ndikuyamwitsa.

Abiti anangokhala pansi pasimenti. "Amake Tadala, nanga akuyamwayu ndi ndani?"

"Ndi Tadala," ndinayankha modabwa. "Kodi ndili ndi wina?"

Analira, anaseka, kenako anandimenya paphewa ngati ndine ndalakwa. A Chisale anavula chipewa n'kugwada pakati pa mabedi.

Atabwerera ku Kawale, maliro anasanduka chikondwerero. Ufa uja unaphikidwa nthungululu zili pakamwa, ndipo masofa anapitabe, poti wangolo sakanabwerera chabe. Vuto linatsala pa chipepeso. Palibe anafuna kulandiranso yake, ankati ndalama ya maliro ikabwerera imakaitana maliro kunyumba kwako. Ifenso kuidya tinkaopa.

Abiti ndi amene anamasula mfundoyo. "Ine ndaona ndi maso angawa ana akulandizana mpweya ngati chikho cha thobwa," anatero. "Ife timathamanga ndi mbale mwana akafa. Bwanji mbale yomweyi iyende ana akadali moyo, tigule makina ena?"

Ndiye inayendadi. Lachisanu inkapita kumzikiti, Lamlungu kutchalitchi, masiku enawa pamsika ndi pasiteji ya minibasi, mpaka inakafika ku Biwi. Tadala atatuluka m'chipatala ndinayamba kukazinga zitumbuwa, phindu lake n'kumaponya momwemo. Ena ankatiseka kuti amayi ogulitsa usipa ndi zitumbuwa angagule makina a chipatala? Mvula inagwa n'kutha tikadasonkhabe, ndipo kunena zoona ine ndinkafooka. Koma ndikayang'ana mwana wanga akukwawa n'kumagwetsa ziwiya, ndinkadzukanso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Zitakwana, a chipatala anatithandiza kuitanitsa makinawo.

Tsiku lokapereka, a Chisale anavala jekete ndipo anali atakonza mawu ambiri. Asanamalize n'komwe moni, namwino anatulukira akuthamanga. "Pepani abambo, mumaliza bwino," anatero, n'kuwakankha makinawo kulowa nawo mu wodi. Kunali khanda limene linali litangofika kuchokera kumudzi, likubanika. Tinaima pakhonde tonse, Akhristu ndi Asilamu, aliyense akupemphera mmene amadziwira. Patapita kanthawi tinamva kulira kwa mwana, ndipo Abiti anaimba nthungululu mpaka mlonda anabwera kudzatitontholetsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa losalongosoka lija. Ndikuthokozanso anamwino, ndi aneba anga a ku Kawale amene anafulumira kulira. Inu amene muli pambali pa bedi la mwana lero, limbani mtima, musasiye kupemphera ngakhale mawu atakutherani, chifukwa Mulungu sagona. Mayi wa khanda la kumudzi lija dzina lake sindilidziwa, ndipo iyenso sakundidziwa. Koma namwino anandiuza kuti anabwerera kwawo mwana wake ali kumsana.